Ulendo Wanga wa ku Mangalande Unathera pa Utale

Pa Balaka alipobe anthu awiri atatu, okalamba ngati ine, amene akandiona amayamba kutsokomola pofuna kubisa kuseka. Ndimawasiya. Nkhani imene amasekayo ndi yoona, kungoti iwo amaifotokoza moipa, ndiye ndati ndiinene ndekha popeza manyazi ake ndi anga omwe.

Zaka zimenezo, mkangano wa Chitaganya utangoyamba kutentha m'dziko muno, ndinali kalaliki pafakitale yochotsa njere za thonje pa Balaka. Ntchito yanga inali ya pensulo, koma mtima wanga unkakhala m'chipinda cha injini. Injiniyo ankaiyang'anira mzungu wina amene tinkamutcha Chandevu. Tsiku lina lamba wa injini atavuka kachitatu, ndinamuuza mwaulemu kuti gudumu limodzi lapendekeka. Linalidi litapendekeka. Analiwongola, lamba n'kukhazikika, kenako anandiyang'ana n'kunena m'Chinyanja chake chopunduka: "Iwe lemba pepala. Munthu wakuda gwira sipanala basi. Injiniya iyayi."

Ndinatuluka m'mutu mutawira. Nditaweruka ndinalunjika pakhonde la sitolo ya mmwenye, pamene ankasokera Che Saidi, telala wachiyao amene anapita kunkhondo ya ku Bama n'kuona maiko.

"Che Saidi, ine ndikupita kunja kukaphunzira uinjiniya."

Makina awo sanawaimitse n'komwe. "Kunja kwake kuti, achimwene? Kunja n'kwakukulu."

Dziko lenileni ndinali ndisanasankhe. Mwamwayi mwini sitolo anali ndi chibuku chonenepa chimene anasiya mphwake, cholemba makoleji a m'maiko olamulidwa ndi Angerezi. Chikuto chake chinali chitadyedwa ndi chiswe, koma mkati munali mwabwino. Anandibwereka. Kwa masabata awiri, ndikaweruka, tinkakhala pakhonde paja kusankha sukulu, ine ndikuwerenga, Che Saidi akuweruza.

Makoleji a ku Joni Che Saidi anawakana msanga. "Kumeneko akakuonani ndi buku akakulandani, n'kukupatsani fosholo mulowe mumgodi." Za ku India, anati sukulu zake n'zabwino, koma tsabola wa kumeneko anawaliritsa iwo, msilikali wathunthu, pamaso pa anzawo. Makoleji ena ankafuna mayeso amene ngakhale dzina lake ndinali ndisanalimvepo. (Ndivomere pano kuti Chingerezi changa chinali cha pamishoni. Mawu ndinkadziwa ambiri ndithu, koma aatali akabwera atatu motsatizana ndinkangowalumpha ngati chithaphwi.) Mapeto ake ndinayamba kusankha poyang'ana zithunzi. Imene inandigwira mtima inali ya ku Mangalande, yokhala ndi chithunzi cha chinyumba chachikulu ndi chumuni chachitali chikufuka utsi.

"Mwasankha sukulu kapena mwasankha chumuni?" anafunsa Che Saidi.

"Pamene pali utsi wotere pali injini," ndinawayankha.

Ndinalemba makalata anayi ndi dzanja langa labwino la ukalaliki. Patatha miyezi itatu mayankho anayamba kufika kudzera m'thumba la makalata la kumishoni. Oyamba anandikana mwaulemu wosaneneka, moti ndinawerenga kawiri ndisanazindikire kuti akundikana. Achiwiri anafuna satifiketi imene ndinalibe. Achitatu sanayankhe (ndikudikirabe). Achinayi anali a chumuni aja, ndipo kalata yawo inali ya masamba atatu. Tsamba loyamba linanditchula kuti Bwana, n'kunena kuti andilandira, zaka zanga zilibe kanthu, ndipo nditha kuyamba nthawi iliyonse. Tsamba limenelo ndinaliwerenga mpaka kuliloweza. Ena awiriwo anali a timalemba tating'onoting'ono todzaza mawu aataliatali aja, ndiye ndinati ndidzawawerenga m'sitima.

M'mawa mwake ndinalowa m'chipinda cha injini osagogoda.

"Bwana, ntchito ndasiya. Ndikupita kwanu kukaphunzira uinjiniya. Ndikadzabwerako, za lamba ameneyu mudzafunsa ine."

Chandevu anachotsa kaliwo pakamwa n'kutambasula dzanja. "Onetsa kalata."

"Kalatayi alembera ine," ndinatero, n'kuibweza m'thumba. Ndikanangomupatsa, akanandiseka munthu mmodzi yekha. Ine ndinasankha kuti andiseke onse.

Nkhani inafika kwathu ku Phalula ine ndisanafike. A katekisiti anailengeza m'tchalitchi. Amalume ake a Agnesi, mtsikana amene ndinkafuna kukwatira, anali akhala akundizembazemba chaka chathunthu, koma tsopano anandiitana okha n'kundipatsa mpando wa ndalema, nati za chinkhoswe tidzakamba ndikangobwerako. Che Saidi anandisokera chijasi cha mabulangeti awiri chofika m'akakolo, ati kuzizira kwa kumeneko kumathothola makutu. Ndinayamba kuchivala masana, mwezi wa Okutobala, pa Balaka, kuti thupi lizolowere kulemera kwake. Amene amadziwa dzuwa la pa Balaka mwezi umenewo amvetsa kuti ndinkayenda ngati mbatata yofutsa, koma ndinkayenda mutu uli m'mwamba.

Maganizo anga anali oti ndikwere sitima mpaka ku Beira, kumeneko ndikapeze ntchito m'sitima ya pamadzi, ndiyo indifikitse. Chinatsala ndi pasipoti. Kutatsala masiku anayi kuti ndinyamuke ndinapita ku boma ku Zomba, kumene ndinapeza kalaliki wachikulire, wa imvi ndi magalasi omanga ndi ulusi. Anatenga kalata ija n'kuwerenga masamba onse atatu, pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Atamaliza anavula magalasi.

"Mwana wanga, pasipoti mukuifuna ya chiyani?"

"Yopitira kusukuluko, bambo."

"Sukulu imeneyi sapitako. Ndi ya makalata. Inu mumakhala kwanu, iwo amakutumizirani phunziro pa positi, mumayankha mafunso, mumabweza, iwo amachonga. Zalembedwa apa, ndi apanso."

"Iyayi, bambo. Nanga chumuni?"

"Chumuni chiti?"

Ndinawalozera chithunzi chimene chinalinso pamwamba pa kalatayo. Anavalanso magalasi n'kusuzumira.

"Imeneyi ndi fakitale imene ophunzira awo ena anakapezako ntchito. Zalembedwanso, pansi pa chithunzipa." Anandibwezera kalata ndi manja awiri. "Si sukulu yoipa. Koma mwauzako anthu angati?"

Kukanakhala kosavuta kutchula amene sindinawauze.

Njira yonse yobwerera ndinkakonza mawu oti ndikaulule. Nditafika ku Phalula ndinapeza amayi akazinga mtedza wodzaza dengu, azimayi a mpingo abweretsa ufa ndi nkhuku, ndipo pansi pa mtengo wa mango kwaya ikuyeserera nyimbo yonditsanzika imene anapeka okha, dzina langa lili m'kati, likubwerezedwa katatu. Amayi anandigwira dzanja nati, "Abambo ako akanakhala moyo akanaona." Munthu wanzeru akanaulula pomwepo. Ine ndinalowa m'nyumba n'kuvala chijasi.

Tsiku lonyamuka anthu anayenda wapansi kundiperekeza mpaka pasiteshoni ya Balaka. Ndinawasiya panja n'kukagula tikiti ndekha, ya ku Utale, kasiteshoni kapafupi kwambiri. Wogulitsa matikiti anayang'ana sutikesi, n'kuyang'ana chijasi, n'kuyang'ana kwaya pazenera. Ine ndinamuyang'ana m'maso mpaka anagwetsa nkhope. Kwaya inaimba. Agnesi anandipatsa kampango kamene analukapo maluwa. Apo mtima unandiuzanso kuti ndiime ndinene zoona, ndipo pakamwa ndinali nditatsegula kale, koma ndinaona Chandevu ataima chapatali pafupi ndi mabelo a thonje, kaliwo ali pakamwa, akuonerera. Ndinatseka pakamwa, n'kukwera sitima ngati kazembe, n'kubayibitsa ndi chipewa.

Sitima itaima pa Utale ndinatsikira mbali ya kutchire. Ndinasenza sutikesi pamutu, dengu la mtedza m'manja, chijasi paphewa, n'kuyamba ulendo wa ku Liwonde. Ndinaoloka Shire pa pantoni nkhope nditaphimba ndi chipewa, kutsidya n'kupeza lole ya fodya imene inandifikitsa ku Ntaja. Kumeneko kunkakhala amalume anga, mlongo wawo wa amayi, amene anakwatira kwa Ayao n'kumakonza njinga pafupi ndi mzikiti. Ndinawafotokozera zonse. Anaseka mpaka anakhala pansi m'fumbi, n'kupukuta misozi ndi nsanza ya girisi.

"Ndiye ubisala mpaka liti?"

"Mpaka nditapeza nzeru."

"Podikira nzeruzo, popa tayala ili."

Ndinapopa matayala masabata atatu. Nzeru sizinabwere. Chimene chinabwera ndi phukusi la phunziro loyamba, lochokera ku Mangalande, lolembedwa dzina langa, ndipo linafikira kumishoni monga makalata ena aja. Bambo mfumu anaitanitsa amayi kuwafunsa kuti zatheka bwanji kuti sukulu izitumiza katundu kwa mwana amene ili naye kale. Sabata yomweyo wogulitsa nsomba wina anali atafotokoza pamsika kuti anaona munthu wamisala akuoloka Shire ndi chijasi cha mabulangeti. Amayi sanapite kusukulu, koma kuphatikiza zinthu ziwiri ankatha.

Linali tsiku la msika, ine nditawerama kumata chubu, pamene ndinaona mapazi amene ndinkawadziwa ataima patsogolo panga. Sindinafune kudzutsa mutu.

"Kukuzizira bwanji ku Mangalande kuno?" anafunsa amayi.

Amalume anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi njinga yoti akapereke kuseri kwa msika.

Amayi anatula phukusi lija pamutu n'kuliika pa benchi. Anakhala pansi, n'kukonza chitenje chawo mosafulumira.

"Mtedza wanga uli kuti?"

"Tinadya, amayi."

"Nyimbo ija anthu anaiphunzira masabata awiri. Amayi a Filipo anapereka nkhuku yawo yoikira. Ine ndinalira pasiteshoni paja pamaso pa anthu, misozi yeniyeni."

"Ndinaopa manyazi."

"Ndiye unawasiyira ine." Anandiloza ndi chala. "Mawa tinyamuka limodzi. Lamulungu ukaima kutsogolo m'tchalitchi, ukanena ndi pakamwa pako. Bodzali ndi lako, ine sindikusenzera."

Lamulungu linafika. Mapemphero atatha a katekisiti anati pali mlendo wochokera kutali amene ali ndi mawu. Ndinaimirira. Ndinali nditakonza kupepesa modzichepetsa, ndipo ndinayambadi bwino: ndinanena kuti ku Mangalande sindinafike, ndinatsikira pa Utale, ndipo sukulu yanga ndi ya pa positi. Anthu anayesetsa kudzigwira chifukwa cha malo amene tinali, koma wina wa kwaya kumbuyo anang'ung'udza kanyimbo kaja pang'ono chabe, ndipo tchalitchi chonse chinaphulika. Ngakhale bambo mfumu anatembenukira kukhoma mapewa akugwedezeka. Amalume ake a Agnesi anatenga chipewa n'kutuluka.

Kuseka kumeneko kunandichotsa mantha n'kundibwezera matenda anga akale odzitama. Ndinadikira kuti kuchepe, n'kukweza mawu.

"Sekani, ndalakwadi, ndipo nkhuku za eni ndibweza. Koma sukuluyo inandilandira ndithu, kalata yake nayi. Uinjiniya umene akuti munthu wakuda sangauthe ndiuphunzira m'dziko lomwe lino, inu mukuona."

Wina anati, "Pasipoti yopitira ku positi ofesi mwatenga?" Anasekanso. Ndinakhala pansi pafupi ndi amayi, amene anandinong'oneza kuti kupepesa kotero sanakuonepo chibadwire.

Kufakitale kuja sindinabwerere, ngakhale anthu anandilangiza kuti ndikagwade. Ndinabwerera ku Ntaja kwa amalume, m'mawa kukonza njinga, masana kulimbana ndi mapepala a ku Mangalande, dikishonale ili pambali, liwu lililonse lalitali ndikuliima pamutu mpaka litaulula tanthauzo lake. Maphunziro amene anati ndi a zaka zitatu ananditengera zisanu. Boma silinanditchulepo injiniya, ndipo mlatho sindinamangepo. Koma zigayo zitayamba kuchuluka, chigayo chikafa kuyambira ku Phalula mpaka ku Ngokwe ankatuma munthu panjinga kudzanditenga ine. Ankafika n'kufunsa kuti a Mangalande ali kuti, ndipo ndinkavomera, poti dzinalo linali litakakamira.

Amalume ake a Agnesi anandibweza kawiri. Kachitatu chigayo cha m'mudzi mwawo chinali chitafa mwezi wathunthu, azimayi atatopa ndi mtondo, ndiye anapezeka kuti afewa.

Anthu amati nkhani imeneyi inayenera kundiphunzitsa kudzichepetsa. Mwina inayeneradi. Chimene ndinatolapo ine n'chakuti kalata uziiwerenga mpaka tsamba lomaliza usanakatukwane abwana. Kuwatukwanako sindinanong'onezepo bondo, ndinangofulumira nako. Adzukulu akandifunsa kumene ndinaphunzira za injini ndimawauza kuti ku Mangalande, chifukwa satifiketi imene ili pakhomayo ikutero. Agogo awo aakazi, Agnesi yemwe uja, sanditsutsa. Amangoti ali pakhonde akusankha nyemba, osadzutsa n'komwe mutu, "Afunseni anayenda masiku angati."