Malaputopu Okana Kugona

Pulani inabadwira patebulo la pakona, m'bala ya kuseri kwa siteji ya minibasi, nthawi imene mabotolo anali atachuluka kuposa nzeru. Anali atatu. Bwana Mapu, munthu amene sankatha kulozera mnzake njira ya kuchimbudzi osajambula, anaviika chala m'mowa wotayikira n'kuyamba kulemba mizere patebulo. Kamphepo, wowonda ngati ndodo ya mopu, ankavomera mzere uliwonse ndi mutu. Wachitatu anali Injiniya. Dzinali analipata chifukwa anayambapo kosi ya kompyuta n'kuithawa isanafike patali, komanso chifukwa achemwali ake ankakonza makompyuta m'kashopu ka pamwamba pa sitolo ya nsapato.

"Apa ndi masitepe," anatero Mapu. "Apa chitseko. Apa katundu. Sitithyola loko, sitimenya mlonda, sitivala sokosi kumaso ngati mbava za dzulodzulo. Tilowa dzuwa likuswa mtengo, ndi kiyi, ngati eni ake."

"Kiyiyo ali kuti?" anafunsa Kamphepo.

Onse awiri anayang'ana Injiniya.

Kiyi wa shopu ankakhala pamsomali kuseri kwa chitseko cha khitchini. Loweruka achemwali ankatseka masana, kudzakoleka kiyiyo pamsomalipo, n'kupita kukalukitsa tsitsi, ndipo ankabwerako dzuwa litapendeka. Injiniya ankadziwa zonsezi chifukwa ankagona m'nyumba yomweyo, m'kachipinda kosungira ndowa ndi masutikesi. Amalume anali atamutopa, azakhali anali atamutopa, anatsala ndi achemwali okhawa. Ndipo tsiku limene simbi yositira inasowa m'nyumbamo, iwo sanakalipe. Anangomuyang'ana n'kunena kuti, "Zikadzachitikanso, ukagona kwa anzakowo." Anzakewo ankawadziwa bwino. Mapu ankagona m'galimoto yopanda matayala kuseri kwa galaja, ndipo Kamphepo ankagona pamene tulo tamupezera.

"Asisi akadziwa, ine ndathera pomwepo," anatero.

"Adziwa bwanji, aise? Kiyi abwerera pamsomali tsitsi lisanafike pakati. Komanso katunduyo si wawo, ndi wa kampani. Unaonapo kampani ikulira?" Mapu anamukankhira botolo. "Iwe ndiwe maso athu. Ife kompyuta yamoyo ndi yakufa sitisiyanitsa."

Injiniya anali asanatchedwepo maso a munthu. Anamwa.

Akadakhala womvetsera, akadadziwa kuti katunduyo anali wodwala. Achemwali ankadandaula za malaputopu amenewa madzulo aliwonse pa chakudya, koma iye makutu ake ankatsekeka pakamwa pakatseguka. Nkhani yake inali iyi. Munthu akatseka laputopu, makinawo amauza ziwalo zawo zonse kuti zigone: sipika, kamera, kiyibodi, zonse. Chiwalo chilichonse chili ndi kapulogalamu kake kokiyendetsa, kamene okonza makompyuta amati dalaiva, ndipo kapulogalamuka kamayenera kugoneka chiwalo chake n'kukhala chete. M'malaputopu a kampaniyi munali dalaiva mmodzi wamwano. Ankadzutsa makina onse ali m'chikwama, makinawo n'kutentha, batire n'kutha, ogwira ntchito n'kufika kumisonkhano ndi chinthu chakufa. Koma patebulo la achemwali ankagona ngati makanda okhuta, ndiye wamwanoyo sankadziwika kuti ndi uti. Potopa ndi kuwalondera, achemwali anajambula mawu awo n'kuwaika m'makinamo, voliyumu mpaka kumapeto, kuti iliyonse ikadzuka aimve ngakhale ali pansi kogula madzi.

Loweruka linafika. Kiyi anatsegula popanda kudandaula. Mlonda wa sitolo ya nsapato anawapatsa moni, Mapu n'kumufunsa za kunyumba.

M'shopu munkanunkha fumbi lotentha ndi waya wopsa. Patebulo panali makompyuta otsegula mimba, masikuluwu ali m'zivindikiro za mabotolo. Injiniya anadutsa zonsezo manja ali kumbuyo ngati dokotala m'wodi, mpaka anafika pashelefu ya kumapeto. Pamenepo panali malaputopu atatu atsopano, otseka, onyezimira.

"Awa," anatero. "Ndi ozima kale. Ingozulani mawaya."

"Nanga kanyali aka kakuphethira bwanji?" anafunsa Kamphepo.

"Ndi kokongoletsa."

Anawalonga m'chikwama cha masewero, anakhoma chitseko, anatsazika mlonda. Mapu anatsika masitepe akuimba mluzu. M'minibasi anakhala kumpando wa kumbuyo, chikwama chili pamiyendo ya Injiniya, pambali pa bambo wina wa jekete amene ankawodzera.

Pafupi ndi mlatho, tayala linagwera m'dzenje.

"Iwe, wadzukiranji? Wakudzutsa ndani?"

Mawu a achemwali, enieni, aja a m'mawa munthu asanasukusule. Injiniya anatembenuka kuyang'ana kumbuyo, koma kumbuyo kunali galasi ndi msewu basi.

Bambo wa jekete anadzidzimuka n'kupukuta dovu. "Pepani amayi, sindinagone ine, ndimangoganiza."

"Ndi foni," anatero Mapu mokweza, akumwetulira minibasi yonse. "Maringitoni a masiku ano."

Dzenje lachiwiri linali lalikulu. Ulendo uno anafunsa malaputopu awiri, wina patsogolo wina pambuyo, ngati kwaya yosagwirizana. "Iwe, wadzukiranji? Iwe, wadzukiranji? Wakudzutsa ndani?"

Kondakitala anatembenuka. "Madala, ngati m'chikwamamo muli anthu, atuluke akhale pampando ngati anzawo."

Anatsika asanafike pa siteji yawo. Njira yotsalayo anayenda wapansi, Injiniya atanyamula chikwama ndi manja awiri ngati thireyi ya mazira, ndipo atangopunthwa pamwala, amayi ogulitsa makala m'mbali mwa msewu anafunsidwa chimene adzukira.

M'galimoto ya Mapu, kuseri kwa galaja, anakhala upo. Galimotoyo inakhala pa njerwa, mawindo ake anali makatoni, ndipo chitseko cha mbali imene Mapu anakhala chinkatheka kutsegula ndi munthu wa panja yekha.

"Zimitsa," anatero Mapu. "Wogula akubwera madzulo. Munthu uja sagula katundu wofunsa mafunso."

Injiniya anatsegula yoyamba. Inamupempha pasiwedi. Ku kosi kuja anaphunzira kuzimitsa kompyuta munthu atalowa kale mkati, ndipo phunziro la munthu woima pakhomo linabwera iye atathawa. Anadina batani la pakona. Sikirini inada. Anachita chimodzimodzi ndi zinazo, n'kupukuta manja pa buluku.

"Basi. Zafa."

"Shasha," anatero Kamphepo, n'kumenya denga la galimoto posangalala.

"Iwe, wadzukiranji?" anafunsa malaputopu onse atatu.

Anawakulunga m'bulangete la Mapu. Mawu anachepa koma sanathe. Mapu anakhalira mtolowo. Kwa kanthawi kunali bata, kenaka timafani ta m'kati tinayamba kulira ngati udzudzu waukulu, ndipo Mapu anayamba kusinthasintha kakhalidwe.

"Zikutentha," anatero. "Aise, zinthuzi zikundiphika."

"Osadzuka," anatero Injiniya. "Mukasuntha ziyankhula."

"Ndiye ndipse?"

"Tichotse mabatire. Koma pakufunika chomasulira masikuluwu, chaching'ono." Galaja inali yotseka. Apo Injiniya anakumbukira kiyi wa shopu amene anali akadali m'thumba mwake, n'kuyang'ana dzuwa. "Ndikubwera. Musakhudze chilichonse."

Anathamanga ulendo wonse. Kunyumba kunalibe munthu. Anakoleka kiyi pamsomali, anamuyang'ana mpaka atasiya kugwedezeka, n'kupuma mpweya umene anaugwira kuyambira pamlatho. Anasuzumira m'kachipinda kake. Matiresi, ndowa, kawindo kakang'ono. Sanakaonepo kokongola chonchi. Kenaka anatenga chomasulira m'dirowa ya achemwali n'kubwerera akuyenda ngati munthu wopanda mlandu.

Kamphepo anamuchingamira pakona ya galaja, mano onse ali panja.

"Usavutike, amwene. Tapeza katswiri weniweni."

"Katswiri wanji?"

"Abwana anati sangathenso kupirira, ndiye ndinatulutsa imodzi kuti ipume. Kunsi kwake kuli kapepala komata. Akuti ikavuta imbani nambala iyi. Ndiye ndaimba."

Injiniya anagwira khoma.

"Osadandaula, ndinati tagula pa okushoni. Mayi amene wayankha ndi waulemu bwanji. Anangofunsa kuti zikudzuka zokha? Ndati eya. Zili pa batire? Ndati eya. Munazinyamula pa chiyani? Ndati pa minibasi. Msewu wa maenje? Ndati inu mayi, ngati munalipo. Ndiye anasangalala, mpaka ndinamva akuuza munthu kuti tasiyani kaye mutu wanga. Akuti akubwera yekha, sitilipira kanthu."

"Mawu akewo," anatero Injiniya pang'onopang'ono, "sunawamvepo penapake?"

Kamphepo anakanda mutu. "Nanenso ndimati akufanana ndi winawake."

Achemwali anatulukira pakona nthawi yomweyo. Theka la mutu linali lolukidwa bwino, theka linalo litaima ngati lachita mantha, chipeso chili chobayika pakati. Kumbuyo kwawo kunali wapolisi wa mimba yake.

"Mwachita bwino kubwera ndi achitetezo, mayi," anatero Kamphepo. "Dera lino kuli akuba."

Wapolisi anavomereza, n'kumuveka unyolo. Mapu anayesa kuthawa, koma chitseko cha galimoto yake chinachita zimene chimachita masiku onse. Anakankha ndi phewa, galimoto inagwedezeka pa njerwa, ndipo pansi pake panamveka funso lija. Wapolisi anamutsegulira mwaulemu. Mapu anatuluka atagwira kumbuyo kwa buluku, n'kulumikizidwa ku dzanja lotsala la Kamphepo.

Injiniya sanathawe. Anadikira kuti akalipiridwe, koma achemwali anamudutsa ngati mtengo wa magetsi. Anafunyulula bulangete, anaika laputopu imodzi pa boneti, analemba pasiwedi, n'kuyamba kuwerenga mizere ing'onoing'ono imene makinawo amasunga yonena chimene chawadzutsa. Nkhope yawo inayamba kuwala.

"Ndakupeza," anatero, polankhula ndi sikirini. "Ka dalaiva ka sensa yomva kugwedezeka. Ukauzidwa kuti gona umavomera, koma akangokugwedeza uli pa batire umadzutsa nyumba yonse. Ine kumakunyamula mwaulemu ngati mwana, kani umafuna maenje." Anatembenukira wapolisi. "Bwana, ndibwerekeni wakuba mmodzi. Ndikufuna nditsimikize."

"Uti, mayi?"

"Uyo wopanda unyoloyo."

Anatseka laputopu, anaiika m'chikwama, n'kumukoleka mchimwene wawo paphewa osamuyang'ana kumaso. "Thamanga mpaka kumpanda uko n'kubwerera. Uthamange ngati waba."

Wapolisi sakanalola mbava ithamange yokha ndi katundu wakuba, choncho anamugwira lamba kumbuyo n'kuthamanga naye. Asanafike kumpanda, chikwama chinafunsa. Anabwerera. Achemwali anatsegula, anadinadina, n'kuletsa dalaiva uja kuti asamadzutsenso makina.

"Bwerezani."

Anabwereza. Ana amene ankasewera mpira kuseri kwa mpanda anasiya mpirawo kudzaonerera. Mapu ndi Kamphepo, atakhala pansi dzanja ndi dzanja, ankatsatira ndi maso. Injiniya anathamanga ndi mtima wake wonse, analumpha ngalande, anadzigwedeza dala, wapolisi akumulendewera kumbuyo. Chikwama chinangoti zii. Achemwali anatsegula, makina anadzuka bwinobwino atadinidwa, ozizira. Anawatseka, anagona.

"Zatheka," anatero, n'kuseka kaseko kamene Injiniya anali asanakamve kwa masabata.

Kasekoko kanamupatsa mphamvu. Anasendera pafupi, akupuma wefuwefu.

"Asisi, ndiye kuti ndathandizako, eti?"

"Wathandiza kwambiri." Anatambasula dzanja. "Chomasulira changa."

Anapereka. Dzanja silinabwerere.

"Kiyi wa shopu ali pamsomali, asisi. Ndinabweza."

"Wa nyumba."

Injiniya anapisa m'thumba nthawi yaitali, ngati thumbalo lakula. Kiyi anali pa kachingwe kofiira kamene achemwali omwewo anamumangira kuti asataye. Anamuika m'dzanja lawo. Iwo anamuponya m'chikwama pamodzi ndi malaputopu, anafunda mpango kumutu wosathawo, n'kuuza wapolisi kuti adutsa kupolisi akamaliza kulukitsa.

"Nanga ine ndikagona kuti?" anafunsa Injiniya, mawu atachepa.

Achemwali anali atakhota kale pakona. Anayankha ndi wapolisi, atawerama, manja ali m'mawondo, akusakasaka mpweya.

"Zimenezo musade nazo nkhawa, achimwene. Achemwali anu anati mukagona kwa anzanu, eti? Anandiuza m'njira." Analoza awiri aja ndi chibwano. "Kupolisi chipinda chake ndi chimodzi."