Tambala wa pa chinkhoswe cha Yohane

Mpaka lero ndikamadutsa ku Chisepo ndimatsitsira chipewa kumaso, chifukwa kumeneko dzina langa ndi "amalume a tambala". Ndipo sanandinamizire ayi.

Yohane, mwana wa mlongo wanga, atapeza mbeta kumeneko, unkhoswe unagwera ine. Mwambo mukuudziwa: pa chinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi n'kupereka msoti, anthu onse akuona. Tambalayo amaimira mnyamata. Tsono Yohane ndinamulera ndekha bambo ake atamwalira, ndimamukonda kwabasi, ndipo ndinalumbira kuti saimiridwa ndi kankhuku kongotola m'khola.

Ndinakwera minibasi mpaka ku Mponela n'kubwerako ndi chitambala. Abale inu, chinali chitambala! Lipombo lofiira psuu, nthenga za kumchira zogwa ngati masamba a nthochi, mawu omveka kutsidya kwa dambo. Mayi a Tadala, akazi anga, anachiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzikhadabo.

"Zokongola chonchi sizilimba, bambo a Tadala."

"Nsanje imeneyo," ndinatero ine.

(Ndikuuzeni pano kuti ndine mphunzitsi wa sayansi pasekondale ina kufupi ndi Madisi. Zimene ananenazo ndimaziphunzitsa chaka ndi chaka, choko chili m'manja.)

Mkuluyo atangofika anayamba ntchito. Kulira mbandakucha, kumenya atambala a anzathu oyandikana nawo, kuthamangitsa misoti mpaka m'munda wa fodya. Ndikathira gaga, iye n'kumaitana mathadzi kuti adye, mwiniwake ataima pambali chifuwa chili patsogolo. Ine kumangosekerera. Ndinamujambula pafoni, Yohane n'kutumiza chithunzicho kuchikazi, ndipo mudzi wonse wa kumeneko unamuona.

Kenako inafika mphepo ija ya mu Juni, yotsika m'mapiri a Ntchisi n'kulowa mpaka m'mafupa. Nkhuku zonse pakhomo zinagwidwa ndi chimfine. Mathadzi anayetsemula pang'ono, n'kudzikung'untha, n'kubwerera kukapalasa kudzala. Koma bwana wanga uja, mayo! Lipombo linagwera mbali imodzi, mapiko lende, maso ali tsinzi, chinkhoswe chili pakhomo.

Ndinamumwetsa madzi a tsabola. Ndinamumwetsa a phulusa. Ndinamuchotsa m'khola n'kumuika m'dengu kukhitchini pafupi ndi moto, nditamufunditsa jekete yanga, ine n'kumapita kusukulu ndi malaya okha. Zotsatira zake mwazidziwa kale. Chimfine chinandigwetsa, kenako chinagwiranso mayi a Tadala.

Iwo anamanga duku n'kupita kuchigayo, kuchoka uko kumjigo. Ine ndinagona pamphasa ndikubuula ngati ndikutsanzika. Atabwera, ndinaganiza zodziteteza ndi maphunziro.

"Mukudziwa, mayi a Tadala, thupi lili ngati nkhokwe imodzi, ukatapa kwambiri za mowa, za ufa zimachepa. Kuyambira kalekale, tambala amene ankasiya ana ambiri ndi wokongola ndi wopambana ndewu, ngakhale afe msanga. Ndiye mphamvu zake zimathera pa lipombo ndi ndewu. Koma thadzi likafa msanga, mazira afungatira ndani? Anapiye alera ndani? Mathadzi amene anasiya mbewu ndi amene matupi awo ankalimbana ndi matenda. Nyama zambiri zili choncho."

"Ndiye ku Mponela munakagulako chiyani, aphunzitsi?"

Ndinangokhosomola.

Anandiuza kuti ndigule wina wamba, wamoyo bwinobwino. Ndinakana. Anthu aona chithunzi, ndikapita ndi wina adzati amalume adya tambala wa mwana. Ndinati apita yemweyu, akachirira m'njira.

Tsikulo bwalo linadzaza, amayi nthungululu, Yohane ali mu suti pambali pa Esinati, mbeta yake. Ankhoswe akuchikazi anatulutsa kamsoti kamawangamawanga, kosaoneka n'komwe, koma kophiriphitha moti anachita kukagwira ndi manja awiri. Itafika nthawi yanga, ndinavundukula dengu n'kumukweza m'mwamba mkulu uja kuti onse amuone. Mutu wake unangogwera padzanja langa ngati nsanza yonyowa.

"Dzukani achimwene, musandichititse manyazi," ndinamunong'oneza ndikumugwedeza pang'ono.

Anatsegula diso limodzi, n'kuyetsemula. Ine, amene ndinali nditadzigwira kuyambira m'mawa, ndinamuyankha ndi kuyetsemula kwanga kwa mkokomo, mpaka magalasi kugwa.

Bwalo lonse linangoti phwete kuseka. Bambo wina wakuchikazi anakuwa ali kumbuyo: "Kodi mkamwini wathu mphamvu zake ndi zimenezi?"

Ndinayang'ana Yohane. Anali atazyolika, akupotokola mpango m'manja, ndipo mtima wanga unandipweteka zedi. Akuchikazi akanatha kumukana tambalayo, n'kutiuza kuti tikabwerenso tikakonzeka, ndipo mwana amene ndinafuna kumukweza akanabwerera kwawo wopanda mkazi chifukwa cha matama a malume ake. Ankhoswe awo anayamba kunong'onezana. Ine manja akadali m'mwamba, osadziwa kuti nditsitse kapena ayi.

Apo anadzuka azakhali ake a Esinati, mayi wamfupi wa imvi. Anabwera pang'onopang'ono, anandilanda tambalayo, n'kumukulunga m'chitenje chawo ngati khanda.

"Tamulandira," anatero mokweza. "Amuna onse amabwera chonchi. Kunja ulemerero, chimfine chikangowakhudza aitanitsa abusa. Mwatichitira bwino amalume, mwatibweretsera osabisa. Esinati, mwana wanga, taona zimene ukutengazi. Ukumufunabe?"

Esinati anaseka mpaka misozi, n'kugwira dzanja la Yohane. "Ndikumufuna, azakhali."

Nthungululu zinalira, ndipo mawu okwera kuposa onse ndinawazindikira bwinobwino. Anali a mayi a Tadala.

Ndamva kuti azakhali aja anamusamala tambala uja mpaka anachira, ndipo pano palibe amene amadzuka mochedwa m'mudzi umenewo. Mayi a Tadala akuti phunziro lake ndi loonekeratu. Ine ndikuti nkhuku yodwala chonchija n'kudzukanso, ndiye kuti diso losankha ndili nalo. Mng'ono wake wa Yohane wayamba kusita malaya Loweruka lililonse, ndipo ndayamba kale kufunsafunsa kumene kuli tambala wamkulu kuposa uja.