Chimanjamanja Mpaka pa Ulalo

Lolemba

Kope ili andipatsa adokotala. Ati ndizilembamo mtunda umene ndayenda tsiku lililonse, mwina mawondo angamasuke. Malamulo awo ndi atatu: kuyenda pathyathyathya, osasenza kanthu, khasu ayi.

Kwathu ku Biriwiri pathyathyathya ndi pamphasa pokha. N'chifukwa chake ndatsikira kuno kuchigwa, kwa alamu anga aNangozo.

Fatsani, mwana wanga wa ku Lilongwe, abwera Lamulungu. Pafoni wanena mosapsatira: "Amayi, mukayenda mpaka pa ulalo wa kumtsinje n'kubwerako ndi miyendo yanu, ndikakutulani kuphiri. Mukalephera, tikupita kutauni." Kutauni! Kukakhala pampando tsiku lonse, kabichi wanga akufota kudimba.

Njira yake ndi yosavuta. Kutsata ngalande, kudutsa pamkuyu, kulowa m'nkhalango ya nsangu, basi ulalo uwo. ANangozo ati ndi pompa.

Ndanyamuka mmawa. Abale inu! Minda ya mpunga aithira madzi pokonzekera kuwokera, ndipo thambo lonse lagweramo. Mitambo ili pansi pa mapazi anga. Akakowa oyera mbee akuponda pamitambopo osaiphwanya. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuyang'ana chigwachi ndili pamwamba, ndimayesa ndi utsi chabe.

Ndaima. Ndaimabe. Dzuwa lafika pamutu.

Mtunda wa lero: pomwe ndaimapo tambala wa aNangozo akumveka bwinobwino.

Lachiwiri

Lero ndaganiza zosayang'ana m'madzi. Vuto ndi anthu.

"Mukupita kuti, mayi?"

"Ndikungoyenda."

Kenaka mafunso:
"Kwagwanji?"
"Mwataya mbuzi?"
"Pepanitu. Watisiya ndani?"

Mayi wina waweramuka m'matope, mbande za mpunga zili m'manja, n'kuti, "Munthu wamkulu ngati inu sayenda chimanjamanja. Nenani zoona." Ndafotokoza za adokotala kasanu ndi kawiri. Palibe wakhulupirira.

Ndafika pogawira madzi. Bambo wina wakweza kachitseko kachitsulo, madzi n'kukhotera kumanzere okha, ngati ng'ombe yophunzira goli. Watsitsa, madzi aima. Madzi omvera munthu! Ife kuphiri timakwera nawo m'makheni othirira mbewu, awiriawiri, ndipo ndi omwewo anandithera mawondowa. Ndawapempha bambowo abwerezenso. Abwereza katatu, kachinayi andiyang'ana mwachifundo.

Pobwerera ndapeza aNangozo atatupa nkhope. "Mwandichititsa manyazi, mulamu. Kumpopi akuti tayambana. Akuti ndikukumanani chakudya, n'chifukwa chake mukuzungulira m'minda ya eni."

Lachitatu

Nzeru yabwera: dengu. Lopanda kanthu, lopepuka ngati chipewa. Adokotala sangadandaule.

Zatheka! Palibe wofunsa kumene ndikupita. Mayi wa dengu ali ndi kopita.

Koma dengu lopanda kanthu limawawa anthu akuno m'maso. Ndisanafike pamkuyu mwalowa izi:
nzimbe ziwiri zoduladula,
mbatata,
matimati,
mpunga wopuntha kale wa m'kathumba,
dzungu limodzi lalikulu ngati mutu wa ng'ombe.

Ungakane bwanji? "Mlendo wa aNangozo asabwerere chomwecho." Ndakana ndi pakamwa, manja akulandira.

Pamkuyu ndatula kuti ndipume. Mtengo umenewu anthu asanu sangauzungulire atagwirana manja. M'mwamba mwake mbalame zobiriwira zikudya nkhuyu, zikugwetsa zina paphewa panga, osandiopa n'komwe. Ndayesa kuziwerenga, zasokonekera ndi masamba.

Ndabwerera katundu ali pamutu. Lamulo lachiwiri lathyoka. Bondo lamanzere latupa, likufanana ndi dzungu lomwelo. ANangozo akondwa kwambiri. Ati mawa nditenge dengu lokulirapo.

Lachinayi

Dengu lomwelo, koma ndaikamo masamba ouma n'kuvindikira chitenje kuti lioneke lodzaza. Ndadutsa minda yonse popanda wondipatsa kanthu. Ndadutsa pamkuyu. Ndalowa m'nsangu!

Sindikudziwa ndilembe bwanji. Kunja mitengo yambiri ikuyoyola masamba, udzu wauma, koma muno mwabiriwira ngati mvula yagwa dzulo. Njira ndi yamchenga, yofewa, phazi silimva kuwawa. Kuwala kukutsika pang'onopang'ono ngati ufa wosefa. Njiwa zikuyankhana mbali zonse. Pamphanda ya mtengo wina pali chisa cha nantchengwa, chachikulu ngati nkhokwe. Kambalame kofiirira kameneko n'kumanga chinyumba chotere, kopanda nkhwangwa!

Ndakumana ndi aGama, bambo achikulire amene akudyetsa ng'ombe zawo zipatso za nsangu zogwa pansi. Ati anagwira ntchito kumigodi ku Joni ali mnyamata. Andiuza kuti nsangu imachita zosiyana ndi mitengo inzake: mvula ikabwera imagwetsa masamba kuti chimanga cha pansi pake chione dzuwa, chilimwe n'kuvalanso. "Mtengo waulemu uwu, mayi. Pansi pa mgodi paja, ndikatseka maso, ndinkaona mthunzi uno."

Takhala pamuzu. Ng'ombe zikutafuna, ife tikumvera.

Ati ulalo uli kuseri kwa bango lija. Ndati ndipita ndikapuma. Ndapuma mpaka njala yandibweza kwa aNangozo.

Lachisanu

Mbiri yatembenuka. Tsopano akuti kuyenda ndi mankhwala, ndipo ine ndabwera nawo kuchokera kuchipatala. Mmawa ndapeza amayi atatu akumpingo ali pakhonde, nsapato zansalu zothamangira kuphazi. Wina ali ndi msana, wina shuga, winayo ati alibe matenda koma safuna kutsala.

Tayamba ndi pemphero. Kenaka nyimbo, mavesi onse. ANangozo atulukira ndi chigubu cha thobwa ndi mphasa: "Odwala sayenda ndi njala."

Mphasa yayalidwa pansi pa mango oyamba, kuseri kwa khola lathu lomwe.

Thobwa litatha ndawakakamiza, tayenda pang'ono m'mbali mwa ngalande. Ndiye ng'azi! Yatuluka m'udzu, yaitali kuposa mkono wanga kawiri, yamawangamawanga achikasu ngati nsalu yodula, lilime lili lawilawi. Yatiyang'ana mosatekeseka, yalowa m'madzi, n'kusambira mchira ukupinda mokongola kwabasi. Ine ndikanaima n'kumaonerera. Koma wa msana uja wakuwa, wadumpha, tonse tabalalika.

Ndaphunzira kuti mawondo angawa amatha kuthamanga. Kungoti amathamangira kunyumba.

Loweruka

Tsiku lomaliza. Ndekha. Maso pansi. Ndadzilonjeza kuti ngakhale mngelo atatsika, ndimupatsa moni pobwerera.

Minda, ndadutsa. Pogawira madzi, sindinacheuke. Mkuyu, nsangu, ndadutsa ngati wakuba. Bango likuoneka. Madzi akumveka!

Ndiye kwamveka mkokomo ngati mvula ya matalala. Mpheta. Zadzuka m'bango zonse nthawi imodzi, zosawerengeka, zaphimba dzuwa, zikupindika ngati chinsalu chimene wina akukutumula kumwamba. Zakhota pamodzi, zatsika pamodzi, palibe yogunda inzake. Amazilamula ndani?

Ndayang'ana kumwamba ndikuyendabe. Phazi m'dzenje. Ndakhala pansi, khu! Bondo lakana kudzuka.

Andipeza aGama ndi ngolo yawo, akupita kukatapa mchenga. Andikweza ngati thumba la feteleza. Motero pa ulalo ndafika, koma ndi miyendo ya ng'ombe.

Mtsinjewo! Kwathu mitsinje imathamanga, imakuwa pamiyala. Uwu ukuyenda mwakachetechete ngati mayi wobereka mwana wogona. Pansi pake mchenga ukuoneka, tinsomba taima malo amodzi tikulimbana ndi madzi. Kambalame kabuluu kowala kagwera m'madzi ngati mwala, n'kutuluka ndi nsomba pakamwa. Ndaviika mapazi. Misozi yatuluka, ndipo si ya bondo.

Ndaganiza zolemba kuti ndayenda ndekha. Koma pobwerera chigwa chonse chandiona ndili pamwamba pa mchenga, ndipo ine ndemwe ndimabayibitsa.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapita ndi ndodo. Fatsani wafika masana.

Wawerenga kope lonse ali chiimire. Paza dzungu waseka. Paza ngolo wasiya kuseka, wagwada, wagwira bondo langa mosamala. "Amayi, longedzani. Akakuoneni adokotala a mafupa. Mukachira tidzakambirana za kuphiri."

Sindinatsutse. Pangano ndi pangano. Ndaimbira mng'ono wanga kuti azithirira kabichi, akakhwima adye, asandisungire. ANangozo akulira kukhitchini, kwinaku akumanga mpunga woti tinyamule.

Fatsani wati akufuna akaone ulalo umene wagonjetsa mayi ake. Wapita ndi nsapato zake zakuofesi. Madzi a tiyi angowira kumene, uyu wabwera, thukuta ngakhale dontho.

"Wafika?"

"Ndafika. Ndi pafupitu, amayi."

"Waona chiyani?"

Waganiza kaye. "Madzi. Ndi mitengo."

Mawondo ali nawo abwino mwanayu. Maso ndiye anatengera bambo ake.