Simoni wa ku Kurene Anali Mlomwe

A Alufeyo a ku Chinakanaka ankasenza katundu wa aliyense, bola musawalamule. Mtolo wa nkhuni, thumba la nandolo, mbuzi yothyoka mwendo, ngakhale chidakwa chogona pamsewu, ankangonyamula osalandira kanthu. Koma wina akangoti "Senza!", basi, khosi lawo linkauma gwa!

Zinayambira m'tchalitchi, Lachisanu Loyera. Mphunzitsi akuwerenga za Simoni wa ku Kurene, a Alufeyo anadzuka.

"Ameneyo ndi Mlomwe mnzathu! Mlendo m'dziko la eni, akuchokera kumunda, asilikali n'kumugwira kuti asenze mtengo. Si thangata ameneyo?"

"Khalani pansi, bambo. Ku Kurene n'kutali."

"Munafikako? Ana ake ndani?"

"Alesandro ndi Rufu."

"Eya! Maina a kwa Apwitikizi okhaokha!"

Anthu anaseka mpaka kutsokomola, koma akazi awo, a Estele, sanaseke. Nyumba yawo inali pa malo a esiteti ya tiyi, ndipo wokana thangata ankathamangitsidwa. A Estele anali atathawa kale kuchokera kwa Apwitikizi, sankafuna kusamukanso.

Posakhalitsa kapitawo wa esiteti, Jailos, anafika pakhomo.

"Alufeyo, kasenze matumba a tiyi!"

"Pemphani bwino."

"Ine ndipemphe iwe?"

"Simoni anatisenzera tonse. Zokakamizana zinathera pa Gologota."

A Estele anawagwira mkono. "Bambo, mutigoneka panja! Thumba limodzi lokha!"

"Mayi, khosi ili ndi la Yesu. Akabwereke kwa mwini wake."

Anawathamangitsadi. A Estele analira, nawanena amuna awo mawu osayenera mayi wamvano. Koma tsiku losamuka kunabwera aliyense amene anasenzeredwapo, ndi chidakwa chija chomwe. Denga linayenda lathunthu pamapewa a anthu, a Alufeyo patsogolo atasenza chitseko, ndipo podutsa pa ofesi ya mzungu nyimbo anaikweza dala.

A Alufeyo anamwalira dzinja la 1957. Popita kumanda, pa kanjira ka m'tiyi, anthu anakumana ndi Jailos ali pa njinga. Amuna awiri anamugwira malaya.

"Lero usenza! Senza!"

"Musiyeni!" anakalipa a Estele. "Amuna anga sanyamulidwa ndi thangata." Kenako anatembenuka. "A Jailos, ngati mtima wanu ukufuna."

Jailos anagoneka njinga m'tiyimo, n'kulowetsa phewa pansi pa chithatha cha maliro. Anakana kulandiridwa mpaka kumanda.

Chichokereni a Alufeyo, katundu akulemera ku Chinakanaka. Amayi amatula nkhuni pa mtunda, kuyang'ana uku ndi uku, n'kudzitwikanso okha. Tawasowa ndithu. Lachisanu Loyera, mphunzitsi akafika pa dzina la Simoni amaima pang'ono ngati akudikira. Kumbali ya amuna kuli zii. Kenako kumbali ya amayi kumamveka mawu a a Estele:

"Anali Mlomwe. Pitirizani."