Mimba ya Pilo pa Maliro a Eni Ake

Anzanga, inu amene mumandifunsa kuti "Esinati, za pa TV zija zinathera pati?", khalani pansi ndikuuzeni kamodzi kokha, mukatero mundisiye ndizisita nsalu zanga mwamtendere.

Ine ndimagwira ntchito pa loji ina ku Nakatindi, kuno ku Livingstone, kuchapa ndi kusita nsalu za pabedi za alendo odzaona mathithi. Koma mumtima ndinkadziwa kuti ndinabadwira kamera. Kodi si ine amene ndinkasewera Mariya kutchalitchi chaka ndi chaka mpaka agogo anga aamuna, aja anachoka ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya njanji, ankapukuta misozi ndi chipewa? Ndiye Namakau, mnzanga amene timachapa naye, atandiuza kuti kwabwera anthu a ku Lusaka kudzajambula sewero la pa TV ndipo akufuna atsikana a konkuno, ndinasiya simbi ili chiyakire.

Ankayesera anthu m'kachipinda kena kam'mwamba mu Mosi-oa-Tunya Road. Pakona panali patakhala mtsikana wina wotchuka wa m'masewero, atavala magalasi akuda m'nyumba, osayankha moni wa munthu. Pambuyo pake ndinamva kuti wigi yake inali yobwereka ndipo anabwera pa basi ngati ife tomwe, koma tsikulo ndinkamuona ngati mngelo. Ba Dayirekita, mwini sewerolo, anali bambo wa chimimba atakulunga sikafu m'khosi mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anangoti, "Lila tione." Namakau analira ngati mbuzi yomangidwa pa njinga, anamuika pagulu la anthu ongokhala pamaliro a m'seweromo. Ine ndinalira mpaka mamina, anandipatsa mbali yeniyeni: chibwenzi chamseri cha malemu, chofika pamaliro ndi mimba.

"Ukachita bwino uzankala mu sewelo mpaka kumapeto, tizakutenga na ku Lusaka," anatero ba Dayirekita. Nditafunsa za malipiro anaseka. "Iwe, za ndalama osafunsa manje. Uzazibika."

Kudziwika! Madzulo omwewo komboni yonse inali itamva kuti Esinati akupita pa TV. Kuntchito ndinawauza ba madamu, otiyang'anira, kuti ayambiretu kufunafuna wina wosita, ndipo potuluka ndinabwereka pilo mmodzi wa pa loji popanda kumupempha. Mimba nayo imafuna pilo wabwino, osati timapilo tathu ta kunyumba todzaza ndi zigamba.

Usiku wake ba Dayirekita anandiimbira foni kundipatsa malangizo. "Nyumba ili ku Maramba, kumbuyo kwa maketi. Ukaona tenti ya gilini na bantu, ni pamene apo. Osapeleka moni, osayangana kamera. Uyambile pa geti kulila, nifuna bonse badabwe zoona. Olo bakugwile, olo bakutukane, osaleka mpaka unvele ine nakamba kuti kati." Kati ndi mawu amene amakuwa akafuna kuti kujambula kuime. Ndinawasunga mawuwo ngati vesi.

M'mawa ndinavala kadiresi kofiira kolekeza pamwamba pa maondo, nsapato za gogoda, wigi yofika m'chiuno, pilo nditamumanga ndi lamba wa yunifomu. Chitenje? Ayi ndithu, chibwenzi chamseri sichivala chitenje. Amayi ogulitsa tinsomba ta kapenta pa Maramba Market ankandiperekeza ndi maso, ine ndikuti yang'anani bwino, mawa muzidzanena kuti munandiona ndikudutsa.

Nditangokhota kuseri kwa msika, tenti yobiriwira ija ndi iyo. Azibambo ali ndwii pamipando, zitsa zikufuka utsi, azimayi akudula kabichi kuseri kwa nyumba, ndipo pakhonde bambo wina ataimika kamera pa miyendo itatu. Ndinati eee, anthu a ku Lusaka sasewera, ngakhale ongodzaza malo maso awo atupa ngati alira usiku wonse. Namakau sindinamuone, mtsikana wa magalasi ujanso kunalibe, koma ndinati anthu otchuka amabwera mochedwa, ndi khalidwe lathu.

Ndinaima pageti, ndinapuma kamodzi, kenako ndinalitsegula.

"Mayo ine! Adadi anga, mwandisiya ndi ndani ine? Dzukani muone mwana wanu akugunda m'mimba muno!"

Nsapato imodzi ndinaiponya uko, ina uko, ndinadzigwetsa m'fumbi, kugubuduka mosamala kuti pilo asasunthe. Azibambo onse anatembenuka limodzi, wina mpaka ndudu inamugwa pakamwa. Ndinati mumtima, ba Dayirekita, kudabwa munkafuna kuja ndi kumeneku. Ndinakwawa mpaka kulowa m'nyumba, mmene anali atatulutsamo mipando yonse, azimayi atakhala pansi mwendo tambalale, ndipo pakati pawo pa matiresi panali mayi wamasiye, duku lakuda, nkhope yopanda ndi mafuta omwe. Ndinamusirira mayiyo. Ndinati uyu ndiye katswiri, ngakhale milomo waiumitsa dala.

Ndinadzigwetsa pamapazi ake n'kuyamba mawu anga monga anandiphunzitsira. "Munandiuza kuti akazi anu ali ngati mlongo wanu tsopano, munati nyumba ina ija ndi ya mwana uyu, lero mwagona chete, ine ndilowere kuti?"

Nyimbo ya maliro imene azimayi ankaimba inaima. Mayi wina wachikulire anandigwira dzanja n'kufunsa motsitsa mawu, "Mwana iwe, ndiwe wa kwa bandani?" Funso limenelo munalibe m'mawu amene ndinaloweza, koma wosewera weniweni sasowa chonena. Ndinawayankha kuti, "Funsani malemu, amadziwa ngakhale mbali imene ndimagona." Pomwepo mng'ono wake wa mayi wamasiye uja anadzuka n'kundiwaza mbama, yeniyeni, khutu mpaka kulira mluzu. Mukuganiza kuti ndinazindikira? Ine ndinasangalala. Ndinati mbama iyi ndi imene idzanditengere ku Lusaka, ndipo ndinakweza kulira, khutu linalo ndikudikira kati.

Kati sanabwere. Chinabwera ndi ketulo.

Panali mayi wina wa yunifomu ya kwaya, woyera bwino, amene nthawi yonseyi ankathira tiyi ndi kumusisita msana mayi wamasiye uja. Ameneyo anaponya ketulo pansi n'kundilumphira, kundigwira wigi ndi dzanja limodzi, diresi ndi linalo.

"Wabodza iwe hule! Lachisanu lililonse benze kwa ine, iwe benze kukuona liti? Nyumba ija banalonjeza ine na mwana wanga!"

Anakoka, ine ndinakoka, lamba anaduka, ndipo mwana wanga anabadwa pomwepo pamaso pa anthu: pilo woyera mbee, dzina la loji yathu litasokedwa pakona ndi ulusi wagolide. Anagwera pamiyendo pa mayi wamasiye.

Mayiyo sanandiyang'ane ine, ngakhale piloyo sanamuyang'ane. Anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana wa kwaya uja, amene anali chiimire ndi wigi yanga m'manja.

"Amake Juniya," anatero mofatsa, "mwati Lachisanu? Si paja Lachisanu benze kuyenda ku mapemphelo ya bazibambo?" Anamuloza chala. "Nanga Juniya wanu uja ni Juniya wa bandani?"

Pamenepo m'pamene foni yanga inayamba kulira m'kamisolo mmene ndinaibisa. Ndinayankha chifukwa chosowa chochita ndi manja. Anali ba Dayirekita. "Iwe uli kuti? Tikulindila, zuba ikuyenda." Ndinati ndili m'nyumba, ndayamba kale. Anati, "Nyumba iti? Ife tili mu mseu wachibili." Abale, munthu wobwereketsa matenti ku Maramba ndi mmodzi, ndipo matenti ake onse ndi obiriwira. Amene ndinawalirira aja anali malemu enieni, bambo woti sindinamuonepo chibadwire.

Mmene ndinatulukira m'nyumbamo sindikumbuka. Ndimangokumbuka ndikuthamanga chosavala nsapato, mutu uli ndi timangongo ta pansi pa wigi, m'mbuyo mwanga mukumveka chiphokoso chimene sichinalinso chokhudza ine. Ndikufika pa tenti yoyenera ndinapeza Namakau ali pageti, atamukulunga thaulo pamimba, akulira kulira kwake kwa mbuzi kuja, ba Dayirekita akuwomba m'manja. Bamboyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Pepa mami, mu ntchito ino wochedwa sitimulindila." Mbali yanga inapita choncho, ndi Lusaka yemwe. Zinandiwawa, sindinama, ndinaliranso tsiku limenelo ndipo ulendo uno panalibe wondijambula.

Koma lonjezo la ba Dayirekita loti ndidzadziwika linakwaniritsidwa. Kamera ya pakhonde ija inali yoti ana a malemu amene ali kunja aonere maliro a bambo awo pa intaneti, ndipo dzuwa lisanalowe ndinali m'foni ya aliyense mu Livingstone. Ba madamu anamuzindikira pilo wawo asanandizindikire ine. Sanandichotse ntchito, anangondifunsa pamaso pa anzanga ngati apitirizebe kufunafuna wina wosita. Sewero la Namakau mpaka lero silinaonekepo pa TV iliyonse, koma ine ndikadutsa pamsika azimayi amagwira amuna awo padzanja.

Patapita milungu ingapo anandiitana kugeti la loji kuti kwabwera mlendo. Ndinapeza ndi mayi wamasiye uja, atavala zakuda, pepala la pulasitiki lili m'manja. Ndinagwada pamiyala pomwepo n'kuyamba kupepesa. Anandidzutsa.

"Ima mwana wanga. Zaka zonse izi nenze kuganiza chabe, bantu benze kunena ati nine wansanje. Iwe unasiliza nkhani m'mawa umodzi."

Anandipatsa pepala lija. Munali pilo, wochapidwa bwino, ndi nsapato zanga zonse ziwiri. Ndinathokoza, ndikuti basi zatha, koma anayang'ana uku ndi uku n'kusendera pafupi.

"Balamu banga, bamuna ba mufana wanga uja anakumenya mbama, bali ku chipatala, ndipo badokota bakamba ati tikonzekele. Mufana wanga naye afuna azibe ngati kuli mukazi wina." Anagwira pilo uja. "Osamubweza uyu. Tizakutumila foni."

Imeneyo, anzanga, ndi ntchito yokhayo imene ndinaitanidwapo chiyambireni usangalatsi wanga. Ndinakana, pilo ndinamubweza pa bedi lake, ndipo ndinalumbira kuti sindidzaliranso munthu ndisanaone chithunzi chake. Masiku ano ndikaona tenti yobiriwira ndimavala chitenje, ndimapereka moni kwa aliyense, kenako ndimafunsa kaye kuti wamwalira ndani. Koma mlamu uja ndamva kuti anachira msanga modabwitsa, tsiku lomwelo limene anamuuza kuti pamaliro ake ndidzabwera.