Mzere wa pa Disipuleyi ya Apongozi

Ndinene poyambirira kuti mpaka lero sindinapepese bwinobwino, ndipo amene akudikira kuti ndipepesa m'nkhani ino apite akachite zina. Inde, ndinawononga katundu wa apongozi anga ndisanalowe n'komwe m'banja mwawo. Inde, ndinachita zimenezi Lamulungu masana, anthu atangoweruka kutchalitchi, nditavala chitenje ndi duku ngati mwana woleredwa bwino. Koma mumve kaye mbali yanga.

Ine ndimaluka tsitsi pa saluni ina ku Nsungwi, ndipo ntchito imeneyi imakuonetsa manja a akazi ambiri. Mtsikana akangovekedwa mphete, sabata yomweyo amabwera kudzakonzetsa tsitsi, dzanja lili m'mwamba ngati akuimitsa minibasi. Mphete zake zonse n'zofanana: kamwala kozungulira, kothwanima mpaka kulasa m'maso. Ndinaziona mpaka zinandikwana. Tsiku lina kasitomala wina anandionetsa pafoni mwala wosiyana ndi yonseyo. Unali wamakona anayi, wotalikirapo ngati kachitseko, pamwamba posalala, m'kati mwake muli timizere ngati masitepe otsikira pansi. Anati kadulidwe kameneko amakatcha emarodi. Ndinaiwala kuti ndagwira tsitsi la munthu (anachita kukuwa kuti ndikumuzula). Mumtima ndinati basi, yanga idzakhala imeneyi.

Vuto lake analiona msanga ndi Limbani, amene panthawiyo anali chibwenzi changa. Limbani amadula ndi kuika magalasi, ali ndi kashedi kake ku Biwi. Titapita kusitolo ya mphete m'tauni, bambo wogulitsa anatitulutsira thireyi yodzaza ndi zozungulira zija. Ine ndinangotulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi.

"Imeneyi tikhoza kukuitanitsirani," anatero bambowo, "koma ndikuuzeni chilungamo, mayi. Dayamondi wodulidwa chonchi sathwanima kwambiri. Amangooneka ngati madzi oyera. Sabisanso kanthu, kachilema kakakhala m'kati kamaonekera. Ambiri akaona amabwerera ku zozungulira."

"Ine si ambiri," ndinayankha.

Limbani anandikokera pambali. "Iwe, taganiza bwino. Ine ndimadula magalasi. Ukavala kanthu kamakona anayi, koonekera mpaka kuseri, anthu adzati chiyani?"

"Adzati n'kokongola."

"Adzati ndadula zotsala za windo ya munthu."

Ndinaseka mpaka makasitomala ena anatembenuka. Ndinamuuza kuti mu Lilongwe muno mulibe munthu wa maganizo opepera chotero. (Ndinali ndisanawadziwe bwino azakhali ake.)

Mpheteyo inafika patapita milungu ingapo. Kamwala kake kanali kakang'ono, ngati njere yonenepa ya mpunga, chifukwa Limbani si nduna. Koma ine ndinkadziwa kumene kanachokera. Miyezi yonseyo mwamunayo sankadziwa Loweruka, ankakwera makwerero m'nyumba za anthu ku Area 25 ndi ku 36, zala zake zili mabandeji okhaokha. Ndikayang'ana kamwalako ndinkaona zala zimenezo, ndipo ndinkakakonda koopsa.

Chinkhoswe chinachitikira kwa amalume anga ku Chinsapo, ndipo chinayenda bwino. Ankhoswe anasinthana tambala ndi thadzi, Limbani anandipeza pakati pa atsikana ofunditsidwa zitenje, kenako anandiveka mphete, nthungululu zili wowowo. Azimayi anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzaona chala. Pomaliza anafika azakhali a Limbani, Anachisale, alongo ake a malemu bambo ake. Anagwira chala changa, anachitembenuzira kudzuwa, anachibwezanso kumthunzi.

"Ooo," anatero. "Chabwino."

Inu amene munakula ndi azakhali mukumudziwa "chabwino" ameneyu. Pofika Lachitatu nkhani inali itakwera kale minibasi kuchokera ku Kawale, n'kutsikira pa saluni pathu. Mayi wina ndikumuluka anandifunsa mokoma kuti, "Akuti mwamuna wako ndi waluso, eti? Mpaka mphete kudzipangira yekha kushedi?" Ku Biwi nako anzake a Limbani anayamba kumufunsa ngati angawadulire za akazi awo, akuti ali ndi mabotolo ambiri kunyumba. Iye ankangoti, "Asiye, atopa okha." Koma ndinaona kuti wasiya kuseka, ndipo zinandiwawa kuposa mmene zinamuwawira mwini wake, chifukwa wosankha mwalawo ndinali ine.

Lamulungu lotsatira tinapita ku Kawale kukalonjera amayi ake. Ndisananyamuke, amayi anga anandikhazika pansi. "Ukakafika ukakhale pansi, ukayankhe zokhazo wafunsidwa. Pakamwa pakopo upasiye konkuno ku Chinsapo." Ndinavomera ndi mtima wonse. Pakamwa ndinapasiyadi, kungoti za dzanja sanatchule.

Tsopano mumve za disipuleyi. M'chipinda chochezera cha apongozi muli disipuleyi yaitali ya zitseko ziwiri zagalasi, imene anawagulira malemu amuna awo. M'kati mwake muli makapu amaluwa amene panthawiyo panalibe munthu wamoyo anamwerapo tiyi. Loweruka lililonse amaipukuta okha, safuna wina aikhudze. Ine ndinakhala pamkeka pafupi nayo, miyendo nditaipinda bwino, maso pansi. Pamipando panali apongozi, Limbani, amayi awiri akutchalitchi, ndi Anachisale, amene sindikudziwa anawaitana ndani.

Titamwa thobwa, Anachisale anati, "Tabwera nacho chalacho, mwanawe, anzangawa aone nawo." Ndinakwawa ndi maondo n'kupereka dzanja.

"Katione. Ayi, n'kabwino ndithu," anatero akuwaonetsa anzawowo. "Limbani wathu ali ndi manja. Ndipo sataya kanthu mwana ameneyu, ngakhale tizidutswa. Achimwene akanakhalapo akananyadira."

Amayi awiri aja anaseka chobisa kukamwa ndi mipango. Apongozi sanaseke, anangoyang'ana pansi. Ndinatembenukira kwa Limbani, ndipo ndinamupeza akuyang'ana zala zake, kuseweretsa bandeji ya pa chala chachikulu. Pamenepo m'mutu mwanga munatentha. Ndinakumbukira kuti tsiku lina anandionetsa chodulira magalasi chake, n'kundiuza kuti kunsonga kwake kuli kadayamondi kakang'ono.

"Azakhali," ndinatero mwaulemu wonse, "kodi kagalasi ka windo kangadule galasi linzake?"

"Aa, zimenezo ndiye ayi."

"Nanga dayamondi?"

"Iwe, usayerekeze," anatero Limbani akudzuka. Koma anachedwa.

Ndinaimirira, ndinakunga chibakera, ndipo galasi limene linali pafupi ndi ine linali la disipuleyi. (Mawindo analipo atatu m'chipindamo. Ndawawerenga kambirimbiri chichokereni tsikulo.) Ndinakanikiza m'mphepete mwa kamwalako pamwamba pa chitseko chakumanja n'kutsika nako mpaka pansi, ndi mphamvu zonse za dzanja loluka mesh tsiku lathunthu. Phokoso lake linali loyabwa m'mano. Nditachotsa dzanja, panali mzere woyera, wowongoka bwino, kuchokera pamwamba kufika pansi. Ndinayang'ana mphete yanga: inalibe ngakhale kachikanda.

"Ndi imeneyo windo yanu," ndinatero.

Zikanathera pomwepo, bwenzi uli mzere chabe. Koma Anachisale si munthu wogonja. Anadzuka, anafika pa disipuleyi, anaunyang'anitsitsa mzerewo.

"Mwina ndi fumbi chabe ili," anatero, akuika chala chachikulu pagalasipo.

"Azakhali, musakanikize!" anakuwa Limbani, amene amadziwa zimene galasi lolembedwa mzere limadikira.

Thee! Galasi linang'aluka motsatira mzere wanga, mwaukhondo ngati ladulidwa kushedi. Silinagwe, linatsalira m'felemu, koma kapu imodzi yamaluwa inagudubuka m'katimo n'kuthyoka chogwirira.

Apa ndiye nzeru zinandibwerera zonse nthawi imodzi, mochedwa. Ndinagwada. M'maganizo mwanga ndinaona tambala ndi thadzi akubwezedwa, ndinaona amayi anga akundifunsa kuti ndinawamva bwanji. Ndinachita mantha enieni, chifukwa Limbani ndinkamufuna, ndipo iye amayi ake sawatsutsa.

Apongozi anadzuka pang'onopang'ono. Anavala magalasi awo owerengera, anautsata mng'aluwo ndi maso kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kenako anawerama, anatenga dzanja langa, nayang'ana kamwala kaja nthawi yaitali.

"Limbani, unagula wekha kameneka?"

"Eya, Amayi. Pepani kwambiri. Mawa m'mawa ndibwera ndi galasi lina ndidzaike."

"Wakutuma ndani? Lisiye momwemo."

Anatembenukira kwa Anachisale. "Alamu, mwaona ndi maso anu, mwagwiranso ndi chala chanu. Ndiye onse aja munawauza za windo, muwayenderenso mmodzimmodzi." Kenako anandiyang'ana ine, ndikadali chogwada. "Koma iwe mwana wa ku Chinsapo, tsiku lina ukafuna kutsimikiza kanthu, uzikayesera pa katundu wa amako."

Ukwati unachitika, ndipo tili ndi mwana mmodzi. Disipuleyi ija ikadali ndi mng'alu wake, anangoumata selotepi kuseri. Mwana wawo amadula magalasi tsiku ndi tsiku, koma akangotchula zosintha chitsekocho amamuthamangitsa. Mlendo aliyense wofika ku Kawale, asanalandire n'komwe madzi, amamutengera pa disipuleyi. "Mukuuona mzerewu? Ndi mphete imene mwana wanga anagulira mkazi wake." Za kapu yokha ndi zimene sanandikhululukire. Ndikapitako amandipatsira tiyi m'kapu yomweyo yopanda chogwirira, ndipo ndimamwa zala zikupsa, osadandaula. (Ndine munthu yekhayo amene wamwerapo m'makapu amenewo, ndiye musandimvere chisoni.)

Pali kanthu kamodzi kamene ndakhala ndikubisa. Tsiku lomwelo, tili m'minibasi kubwerera, Limbani anadikira mpaka tinadutsa Biwi. Kenako anandinong'oneza.

"Ukudziwa kuti sunatsimikize chilichonse? Ngakhale mchenga umakanda galasi. Mwala wa mumsewu ukhoza kulemba mzere ngati womwe uja."

"Azakhali ako akuzidziwa zimenezo?"

"Ayi."

"Ndiye tseka pakamwa."

Anatsekadi mpaka lero, ndipo ndatsegula ndine. Akuti phunziro lake n'lakuti munthu uziugwira mtima pamaso pa apongozi, ndipo ndikuvomera kuti ndi phunziro labwino kwa amene angalithe. Ine mwala wanga ndi womwe uja, wamakona anayi, wosathwanima, ndipo atandibwezera m'sitolo muja ndikhoza kusankha womwewo. Ngati Anachisale amva za mchengazi n'kuyambanso kukayika, palibe vuto. Ndinaona kuti anagula tebulo lagalasi chaka chatha, ndipo kunyumba kwawo ndimakudziwa.