Sabata Yosiya Khofi

Lolemba

Ndafika dzulo kuchokera ku koleji, tchuthi cha mwezi wathunthu. Lero m'mawa bambo, monga mkulu wa mpingo, akundiuza kuti Sabata likubwerali ndine wophunzitsa za umoyo. Mutu wake: kuipa kwa tiyi ndi khofi. "Iwe wawerenga, anthu akakumvera."

Ndavomera. Ambuye, Inu mukudziwa kuti ku Blantyre ndimamwa khofi tsiku ndi tsiku. Ndinayamba nthawi ya mayeso, mayesowo anatha kalekale.

Ndikaime pamaso pa mpingo ndili woyera. Choncho:
osamwanso, kuyambira lero;
pa Boma kungoona masitolo basi;
chilakolako chikabwera, manachesi.

Lachiwiri

Mutu ukuwawa ngati mukusinjidwa chimanga. Manachesi asanu ndi anayi. Palibe chasintha.

Pa Boma pakoma chaka chino. Magolosale atsopano, kaunjika mpaka mumsewu, aliyense akugulitsa kanthu. Ndimakakonda katauni kathuka, fungo la sopo ndi palafini m'sitolo, wailesi ikulira pashelefu. Ndikudutsa pa tiirumu ya Mayi Nasibeko nkhope nditalozetsa kwina.

"Aphunzitsi athu, mpaka kutidutsa? Sukulu yakukwezani eti?"

Ndalowa kukapereka moni chabe. Kapu yafika ndisanakhale n'komwe. Kukana cha m'manja mwa munthu wamkulu ndi mwano. Ndi tiyi, si khofi. Theka la tchimo? Ndafufuza, vesi yotero palibe.

Lachitatu

A Chimbalanga, a tiirumu ya kuseri kwa msika, amva kale. Pazenera la Mayi Nasibeko pali nsalu yachikasu ya chipani chatsopano, kwa a Chimbalanga kukadali kalendala ya chipani chakale.

"Ndiye mwana wa akulu a mpingo walowa zachikasu?"

Bambo safuna kuti banja lathu lidziwike mbali. Kuti zifanane, ndakhala pansi. Khofi weniweni wa m'chitini, mkaka wa kondensi, sikono yotentha. Ndatsinzina ngati ndikupemphera. Sindimapemphera.

Lachinayi

Kulemba phunziro. Kunyumba cholembera sichikuyenda. Patebulo la a Chimbalanga masamba awiri atuluka okha, okoma zedi, za thupi kukhala kachisi. Makapu awiri. Ndiye kuti awirinso kwa Mayi Nasibeko, kuopa ndale zingapendekeke. Manja akunjenjemera. Mwina ndi mantha a Mulungu.

Lachisanu

Tsiku lokonzekera. Mayi akusita shati langa loyera. "Anzanga onse ndawauza, ena achokera ku Chifunga."

Bambo awerenga phunziro, akugwedeza mutu mokhutira. "Ndime iyi ya mmene munthu amavutikira akamusowa khofi, wailemba ngati unasamalirapo wodwala."

Ndatafuna masamba a mandimu kuti pakamwa pasanunkhe. Lero kapu imodzi yokha, yotsanzikana. Kenako ina, yotsanzikana ndi mbali inayo.

Sabata

Tchalitchi chadzaza. Tsamba loyamba layenda bwino. Pofika pa mawu akuti "m'bale amene amamwa mobisa", ndasiya kuwerenga. Ndapinda pepala. Ndaulula zonse: ndinayamba liti, kangati, kwa ndani. Mpaka kondensi. Palibe amene anandifunsa za kondensi!

Wina kumbuyo wati "Ameni", sindikudziwa kuti akuvomereza chiyani. Mayi aphimba kumaso ndi buku la nyimbo. Bambo akuyang'ana nsapato zawo.

Sande

Bambo sanakalipe. Adzuka m'mawa, avala jekete, apita pa Boma wapansi. Ayendera eni matiirumu onse awiri, mosakondera.

Masana ndadutsako, kungoona. Mayi Nasibeko ali pakhomo. "Pitirirani, aphunzitsi, tauzidwa." A Chimbalanga akutsuka ketulo, sanatukule mutu. Chiyambire matipate, lero ndiye agwirizana chinthu chimodzi.

Kunyumba mayi akazinga soya, asinja, awiritsa. Akuti uyu ndiye khofi wa ana a Mulungu. Ndamwa yense, iwo ataima pomwepo. Khofiyo akumveka ngati chinthu chopserera mumphika.

Mtima wayera, Ambuye, sindikukana. Tchuthi chatsala masabata atatu, ndipo soyayo ndi thumba lathunthu.